Nsomba Zofa Lasabata

Ife tinabwela ku Zambia tikuthawa nkhondo ya kwathu ku Mozambiki, ine ndili kamtsikana. Nkhondo itatha, malole anabwela kudzatenga anthu ku kampu ya ku Petauke, koma atate anakana kukwela. Amai tinawaika m'nthaka ino, ndiye anati sangawasiye okha. Tinapempha malo ku Ndake, anatipatsa kadimba m'mbali mwa mtsinje, ndipo atate analowa kalabu ya alimi imene inakumba damu la nsomba pansi pa dimba lathu.

Inali nthawi ya matipate, aliyense pakamwa patatseguka. Boma linali litasiya kugula mbewu, m'malo mwake munalowa makampani a thonje ogawa mbewu, mankhwala ndi masipuleya opopela mankhwalawo. Mudzi wonse unasanduka wa thonje.

Chaka chimenecho nsomba za m'damu zinayamba kufa, ndipo zinkafa Lasabata lokhalokha. Mukadzuka m'mawa mupeza zayandama, mimba kumwamba. Tsoka lake, munthu woyamba kudutsa padamupo tsiku limenelo ankakhala atate, popita kukatsegula tchalitchi chathu chaudzu. Anthu anangolumikiza: mlendo uja ndiye akuthila katupe, mtengo wophela nsomba uja. Acheyamani a kalabu, mkulu wa thonje lambili m'delalo, ananena poyela kuti nsomba zikafanso, dimba alanda, ndipo ife tibwelele kumene tinachokela.

Kubwelela kuti? Kumene tinachokela kunatsala phulusa. Ine ndinapsa mtima kotelo kuti ndinafuna kukawatukwana pakhomo pawo, koma atate anandigwila dzanja. Chimene ndinaona n'chakuti mbande za mango zimene anafesa m'zitini, zoti adzale m'dimba, anazikankhila kuseli kwa nkhokwe.

Ndinabweleka njinga n'kupalasa mpaka ku Nyimba, ku ofesi ya zansomba. Ndinapezako amai ena ogwila nchito pamenepo, ochokela kumpoto, Chinyanja chawo chodzaza Chibemba. Galimoto la ofesi linali pamiyala, matayala kulibe. Anamvetsela, anamanga kabokosi kumbuyo kwa njinga yawo, tinanyamuka.

Ine ndinkaganiza kuti akangofika aimilila pamsonkhano n'kunena kuti atate alibe mlandu. Ayi ndithu! Anakhala pansi pa mthunzi, anatulutsa maikulosikopu, kachipangizo kokuza tinthu tosaoneka ndi maso, kolandila kuwala kwa dzuwa ndi kagalasi. Anatumbula nsomba yofa, anapala makha ake, mopumila muja, n'kumasuzumila mpaka dzuwa linapendeka.

"Tizilombo palibe, zilonda palibe," anatelo. "Si matenda awa."

"Ndiye kauzeni anthu kuti si atate!"

"Mwana wanga, ndanena kuti si matenda. Sindinanene kuti si katupe. Chimene sindinaone sindingalumbile."

Mayo ine! Ndinamva ngati andithila madzi ozizila. Ndinapita kwa atate ndikulila ndi ukali, ndinati ndakutengelani mboni yodzakumalizani. Iwo anangoti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

M'mawa mwake amai aja anandipatsa sefa n'kuti nditsogole, tikwele ndi mtsinje. Ankalowa m'madzi, chitenje atakwinya, n'kumagubuduza miyala. Anandionetsa kuti mtsinje wamoyo umakhala ndi tizilombo tomata pansi pa mwala, tinkhanu ndi anamchidwe, ndipo kuti izi zimafa msanga madzi akaipa. Pangalande yolowa m'damu, pansi pa miyala panali mbee. Pa dimba lathu, mbee. Tinapitilila dimba lathu, tikukwelabe, koma kunalibe kanthu. Ngakhale ine wosaphunzila ndinkadziwa kuti madzi sakwela phili. Chopha nsomba chinkachokela kumtunda kwa ife.

Tinafika padooko pamene anthu amaolokela popita kuminda ya thonje. Titangodutsa pamenepo, mwala woyamba umene ndinagubuduza unali wodzaza tizilombo, kankhanu n'kundiluma chala. Sindinakondwelepo ndi kulumidwa ngati tsiku limenelo. M'tchile pambali pa dooko munali timabotolo ta mankhwala a thonje. Apo ndipo ndinakumbukila: kupopela thonje kunkachitika Lachiwelu, tsiku loti mawa lake ndi Lasabata, ndipo pobwelela aliyense ankatsuka sipuleya yake padookopo, kuti mankhwala asafike kunyumba kuli ana.

"Basi tawagwila!" ndinakuwa.

"Sitinagwile munthu," anatelo amaiwo. "Tiyese kaye, anthu aone okha."

Anaitanitsa msonkhano wa kalabu padamu. Anaika ndowa ziwili, zonse za madzi otunga kumtunda kwa dooko, n'kuponyamo matemba amoyo. Kenaka anapempha mwaulemu kuti wina abweleke sipuleya yotsukatsuka. Acheyamani anatumiza yawo monyada, ati yawo ndiyo yoyela kuposa zonse, amaitsuka okha kumtsinje sabata iliyonse. Amaiwo anathila madzi m'sipuleyamo, anakhutchumula, n'kudonthezela pang'ono m'ndowa imodzi. Inayo sanaikhudze.

Tinadikila. Anthu anayamba kuseka, wina n'kuti boma latumiza mzimai wodzaphika matemba. Posakhalitsa, matemba a m'ndowa ija anayamba kuzungulila ngati oledzela, kukamwa yasa pamwamba pa madzi, kenaka kutembenuka imodziimodzi. A m'ndowa inayo ankangosewela. Kuseka konse kunatha.

Amaiwo sanaloze munthu chala. Anafotokoza za miyala ija, nati kuyambila lelo masipuleya azitsukidwa padzenje lokumba kutali ndi mtsinje. Acheyamani anayang'ana sipuleya yawo nthawi yaitali, kenaka anavula chipewa, anapita pamene panakhala atate, nati, "Bambo, tinakulakwilani."

Atate anangowomba m'manja mwaulemu. Koma ine, aa, ulemu ndinausiya kunyumba. Ndinaimba nthungululu mpaka agalu a m'mudzi anauwa, ndinavina kuzungulila ndowa zija, ndipo azimai a m'mudzi amene ankanditembenuzila nkhope pachitsime ndinawapatsa moni mmodzimmodzi, mokweza, kuti ayankhe anthu akuona. Ndinakondwa, ndipo sindibisa.

Nsomba sizinafenso. Mvula yotsatila amai aja anabwelanso ndi sefa yawo, tinagubuduza miyala ya pa dimba lathu n'kupeza tinkhanu tabwelela.

Koma za tsiku la ndowa lija, chimene chimandikhalabe mumtima n'chamadzulo ake. Nditafika kunyumba, mawu atasasa ndi nthungululu, atate sindinawapeze. Ndinawalondola kudimba. Anali atagwada, khasu pambali, akung'amba zitini zija n'kudzala mango awo m'mzele, motalikilana bwino, monga amachitila munthu amene akudziwa kuti mitengoyo idzakula iye ali pompo.

"Ukuyang'ana chiyani?" anatelo osatukula mutu. "Katunge madzi."