A Chakufwa Atsitsa Malowolo a Magazini

A Chakufwa a ku Uraha atha zaka makumi awiri akukumba mafupa a nyama zakalekale. Ofufuza ankabwera ndi zipewa zawo zazikulu, a Chakufwa n'kuwalozera pokumba, mafupa n'kukwera ndege, mayina a eni zipewa n'kulowa m'mabuku. Dzina lawo linkangopezeka pa khadi la ubatizo.

Chaka chatha anatola dzino la nguluwe yakale m'chigwembe. Wezzie, mtsikana wofufuza wa ku yunivesite, anati alemba nkhani ya dzinolo, ndipo dzina la a Chakufwa likhala pambali pa lake. Pofika Lamulungu mpingo wonse unali utamva.

Magazini ya akatswiri ya kunja itavomera nkhaniyo, Wezzie anafika nkhope ili yakugwa.

"Adada, pakufunika madola zikwi ziwiri."

"Atipatsa liti?"

"Opereka ndife. Magaziniyi aliyense amaiwerenga mwaulere pa intaneti, ndiye amalipira ndi wolemba. Anzathu akunja amalipiriridwa ndi mayunivesite awo kapena mabungwe. Ife tilibe wotilipirira. Tikapanda kupereka, nkhani situluka."

"Ndikumbe ine, ulembe iwe, tilipirenso ife? Nanga iwowo amatani, amangosita kolala?"

Anawerengera pa zala: ng'ombe zisanu. M'khola mwawo munali ziwiri, ina yokalamba. Koma a Chakufwa anali atakhalapo thenga, wokambirana malowolo, pa maukwati asanu ndi anayi.

"Mwana wanga, amenewa ndi malowolo basi. Mtengo woyamba munthu savomera. Tsegula chikompyuta chakocho."

Kalatayo anaiyamba ndi moni, n'kufunsa ngati ana a akonzi a magaziniyo ali bwino ndiponso ngati kwawoko mvula yagwa. Anatamanda magaziniyo kuti ndi mwana woleredwa bwino. Kenaka anadandaula za madzi osefukira ndi matenda a ng'ombe, n'kumaliza ndi kulonjeza mbuzi imodzi ndi thumba la mpunga wa kilombero.

"Adada, mbuziyi atiseka nayo."

"Chotsa mbuzi. Mpungawo usaukhudze."

Yankho linabwera Lachinayi: olemba a m'mayiko osauka ngati Malawi salipira, angolemba fomu yopempha. Fomuyo inalipo kalekale, Wezzie ndiye sanaione. A Chakufwa zimenezo sanazimve n'komwe.

"Ndi mpunga uja," anatero. Kenaka anakwinya nkhope. "Koma avomera msanga bwanji? Magaziniyi ilibe mbiri yoipa?"

Nkhani inatuluka. Chingerezi chake a Chakufwa sachimva, koma mzere wachiwiri, pomwe pali dzina lawo, amaudziwa, ndipo Lamulungu lililonse amagula bando ya intaneti kuti aonetse akumpingo chinthu chaulerecho.

Thumba la mpunga likadali kuchipinda, kudikira akonzi, poti thenga sabweza mawu. Akazi awo, a Febby, amatapamo pang'onopang'ono. Pano lafika theka.