Filiji ya Pampanda

Aneba athu ndi mdala amene kale ankameta nkhosa. M'mawa uliwonse amakwera padenga kukapukuta mapanelo a sola, akatsika n'kumadandaula kuti dzuwa lachedwa ntchito. Ine amanditchula kuti "mwanawe", ndipo sadikira yankho, poti amadziwa kuti pakamwa panga m'polemera.

Kukatentha magetsi a kampani amathimathima, koma mankhwala a shuga a mwana wanga Jarrah amafuna pozizira. Mdalayu mabatire ake satha moto, ndiye anandiponyera waya pamwamba pa mpanda. Sabata isanathe kunabwera kalata ya kampani: magetsi opangira pakhomo asadutse malire a puloti ya mwini wake.

Aneba sanatsutse. Anakulunga waya wawo, anazula matabwa anayi a mpanda, n'kukankhira filiji yawo pamenepo, chitseko chikuyang'ana kwathu.

Lachinayi anabwera woyendera wa kampani kwa anebawo, ine nditaima pakhonde.

"Madala, ichi n'chiyani?"

"Filiji, bwana. Kwanu kulibe?"

"Lamulo likuti magetsi asadutse malire."

"Yezani."

Anayezadi ndi tepi. Waya anathera kwawo, filiji yonse inali kwawo.

"Koma kuzizirako kukupita uko."

"Mukakugwira kukudutsa, kumangeni."

Woyenderayo anazungulira kudzalowa kwathu, anatsegula filiji, naona timabotolo tolembedwa dzina la Jarrah. Anatseka msanga kuti mankhwalawo asafunde. M'buku mwake analemba kuti wapeza mpanda wothyoka, ndipo za mipanda si za ofesi yawo.