Zondiwe ndi Amayi Onenepa a pa Chitunda cha Msongwe

Ku Salisbury Lines, mu mzinda wa Mzuzu, anthu amanena kuti Zondiwe Mhango, makaniko wa pansi pa mtengo wa mapeyala uja, ali ndi nthenda ya amayi onenepa. Akuti ukamusiyira galimoto kuti akonze, iye amangosamba m'manja, n'kuiliza, ulendo wa kunsi kwa Msongwe kukanyamula amayi. Ndipo akuti sanyamula aliyense. Wowonda amamudutsa ngati chitsa, koma akaona mayi woti akakhala pampando matayala n'kudandaula, mabuleki amagwira okha. Nkhaniyi inafika mpaka ku kwaya kumene amaimba mkazi wake, Peggy.

Zoti amanyamula, amanyamuladi. Zoti amasankha onenepa, nazonso n'zoona. Bodza lili pa chifukwa chake basi.

Zondiwe anakulira ku Mzilawaingwe. Anayamba ndi ukondakitala wa minibasi, koma ankachedwa kuitana anthu chifukwa khutu lake linkakhala pa injini, mpaka dalaivala anatopa naye n'kumuuza kuti apite akakwatire sipanala. Anamveradi. Lero ndi bambo wa imvi ziwiri zitatu, wowonda ngati kawaya koyezera oyilo, woti mphepo ya mu Juni ikaomba mwamphamvu anzake amamugwira malaya.

Nkhani ya amayiyi inakula chifukwa cha galimoto ya Che Haruni, mwini sitolo ya nsalu pafupi ndi msika. Che Haruni ndi munthu woti akanena kuti makaniko uyu ndi wabwino, amalonda onse ochokera kummwera amapita komweko. Akanenanso kuti ndi wachabe, mawa lake pagalaja pamangotsala nkhuku. Galimoto yawo inali yakale, ya tabo, kachipangizo kaja kamene kamakankhira mpweya wambiri mu injini ukaponda moto, n'kumaimba mluzu. M'tauni inkayenda ngati mkwatibwi. Koma ikasenza katundu pa chitunda, mluzu uja ukangoyamba, injini inkatsokomola, galimoto n'kumadukiza ngati ili ndi ntchirichiri. Tsono Loweruka linali likubwera, ndipo Che Haruni ankafuna kunyamula banja lonse kupita ku Liwonde ku ukwati wa mwana wawo Maryamu, kudzera m'mapiri a Chikangawa.

Ulendo woyamba Zondiwe analakwitsa, tisamubisire. Anasintha mapulagi, anaponda moto galimoto ili chiimire, injini inalira bwino, iye n'kupereka makiyi akumwetulira. M'mawa mwake galimoto inabwerera, mwini wake nkhope ili gwa.

“Achimwene, ine sindibwera kachitatu,” anatero Che Haruni. “Ikalephera apa, ndikauza anzanga kuti pano pali mtengo wa mapeyala wokha.”

Zondiwe anadziwa pamene anaphonya. Galimoto ikaima, tabo siigwira ntchito yeniyeni, ndipo nthenda imabisala. Anapanikiza kamlomo ka mapulagi kuti mpweya wa tabo usamazimitse moto. Zinachepa, koma sizinathe. Anapaka thovu la sopo m'mapaipi a mpweya kuti aone ngati pena pakutuluka mphepo, sanapeze kanthu. Anasintha sefa ya petulo, chimodzimodzi. Panatsala makoyilo, tizipangizo totumiza moto ku mapulagi, pulagi iliyonse kake. Anabwereka koyilo imodzi yabwino kwa Winston wogulitsa zitsulo zakale, n'kumaisuntha pulagi ndi pulagi. Akaisuntha, ankayenera kukakwera chitunda galimoto italemedwa. Nanga iye yekha, ndi thupi lake lija, galimoto ikanadziwa n'komwe kuti muli munthu?

Kunsi kwa Msongwe, pa msewu wa ku Nkhata Bay, pamakhala amayi odikira zokwera ndi madengu a nthochi ndi chinangwa. Mtsogoleri wawo ndi mayi Fyness, amene akaseka msewu wonse umamva. Zondiwe ankatsikira kumeneko, n'kudzaza galimoto mwaulere.

Lachinayi masana, kamvula ka Mzuzu kakuwaza, atangomaliza kukweza, njinga yamoto inaima kutsogolo kwake. Anatsikapo Che Haruni. Mphekesera zinali zawapeza kusitolo.

“Kodi galimoto yangayi yasanduka minibasi, kapena ndi chikwati chanu?”

“Monire adada!” anafuula m'Chitumbuka mayi Fyness ali pampando wakutsogolo. “Ndinu eni ake? Yewo chomene, mipando yanu njofewa!”

“Tsikani nonse, amayi. Chonde, tsikani.”

Amayi anatsika akung'ung'udza, madengu n'kubwerera pansi. Che Haruni analanda makiyi, anakhala pa chiwongolero, Zondiwe pambali. Anakwera chitunda chonse anthu awiri owonda, galimoto osatsokomola ngakhale kamodzi. Pamwamba Che Haruni anaima.

“Si iyi yachira? Ndiye mwakhala mukuthera petulo wanga pa zibwenzi. Tsikani, ndikupita nayo.”

Apa munthu wina akanangoti zikomo n'kutsika. Zondiwe sanasunthe. Ankaona kale galimoto itafa pakati pa nkhalango ya Chikangawa, amayi a mkwatibwi atakhala pa masutikesi m'chifunga, dzina lake likutchulidwa m'Chiyao.

“Bwana, siinachire. Ku Liwonde mukupita nokha?”

“Ndi banja.”

“Alamu anga ndinawaonapo kusitolo. Si owonda.”

“Mwayambanso kuyeza mkazi wanga?”

“Ndayeza galimoto. Tibwerere kunsi. Ikakwera ndi amayi aja osatsokomola, mukauze msika wonse zimene mukufuna, ine ndikuthandizani kulengeza.”

Che Haruni anatembenuza galimoto.

Mayi Fyness anavuta pang'ono. “Mwatitsitsa ngati mbuzi, tsopano mwatifunanso? Adada, mupepese kaye.” Che Haruni anapepesa, mawu akutuluka ngati akuwazula ndi pulayala. Amayi anadzazana kumbuyo, nthochi m'buti, galimoto inakhala pansi ngati nkhuku yofungatira.

Anayamba kukwera. Pakati pa chitunda Zondiwe anati, “Pondani moto, bwana, musaimvere chisoni.” Mluzu wa tabo unayamba, ndipo pomwepo galimoto inagwedezeka, gu! gu! gu! Kumbuyo kunaphulika ngati mfuti.

“Yesu wane!” anakuwa mayi Fyness. “Adada, iyi ndiye mumati mupite nayo ku ukwati? Mkwatibwi akanakalamba akudikira!”

Che Haruni anaimika pambali. Zondiwe anatsegula boneti, anamasula koyilo yomwe inali isanayesedwe, ya kumbuyo kwenikweni kovuta kufikako. Anaipukuta ndi malaya, n'kuipendeketsa poyera. Pa labala pake panali kamng'alu kopyapyala ngati tsitsi, m'mbali mwake kamzere kotuwa ngati phulusa.

“Mwaona apa? Injini ikapanikizika, moto umaona kuti njira ya ku pulagi yavuta, ndiye umathawira pa kamng'aluka. Moto nawo ndi waulesi, bwana.”

Anasamutsira pamenepo koyilo ya Winston ija, pamene inachokapo n'kubwezerapo yakale. Anatsikanso mpaka kunsi, amayi akudandaula kuti msika utha iwo akuyendera chitunda chimodzimodzi ngati ana a sukulu. Ulendo uno mluzu unalira, galimoto inakoka mpweya n'kukwera ngati yaona mwini ngongole kumbuyo. Mayi Fyness anayambitsa nthungululu. Che Haruni anakawatula amayiwo pakhomo penipeni pa msika, n'kuthandiza kutsitsa dengu limodzi ndi manja awo.

Ku Liwonde anapita n'kubwerako. Sabata yotsatira pansi pa mtengo wa mapeyala panaima magalimoto a amalonda mpaka ena kutsekereza njira ya kumpopi.

Koma mphekesera siimva za makoyilo. Mpaka lero Zondiwe akamatsika ku Msongwe ndi galimoto ya munthu, anyamata a njinga amaimba mluzu. Tsiku lina Peggy anabwera naye pagalaja mayi wina wa ku kwaya, amene ankayendetsa nkhaniyi kuposa wailesi.

“Eni ake ndi awa,” anatero Peggy. “Afunseni nokha, ine ndatopa kuwayankhira.”

Mayiyo anakonza chitenje. “Adada Mhango, ife timangomva. Akuti mumakonda amayi onenepa.”

Zondiwe anatulutsa mutu pansi pa galimoto, sipanala ili m'manja, n'kumuyang'ana mayiyo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

“Amama, ine ndimakweza makilo. Thumba la simenti likadzayamba kukwera lokha, kutsika lokha, n'kunena yewo, amayiwo ndidzawasiya. Inuyo musade nkhawa, simungakwane ngakhale kuyesera njinga.”