Fyuluta ya Pikapu ya Apongozi

Nditakwatiwa ku Nkhamanga, phunziro loyamba linali la kutseka pakamwa. Mkamwana salankhula ndi apongozi aamuna maso ndi maso. Ukakumana nawo panjira umapatuka n'kugwada, ndipo ukakhala ndi mawu umawadzeretsa kwa amama, apongozi aakazi. Ine mwana wa ku Ntcheu, wokulira m'galaja ya bambo anga, wozolowera kukalipira ngakhale makasitomala, zinkandiwawa zedi.

Apongozi anga aamunawo anali mphunzitsi wopuma wa sukulu za mishoni. Anali ndi pikapu yobiriwira, yakale kuposa mwamuna wanga, imene ankayendetsa Lamlungu lililonse kukalalikira ku timipingo ta cha ku Katowo. Mawondo anali atawakana, njinga sankapalasanso. Popanda galimotoyo, kulalikira kukanathera pomwepo.

Chaka chimenecho mwamuna wanga ndi mkulu wake anati aichitire chitukuko. Anachotsa fyuluta ya mpweya yakale, ija yokhala ndi mbale ya oilo kunsi, n'kuikapo yapepala yochokera ku Mzuzu, yoyera mbee. Ati ya oiloyo ndi yauve, ya nthawi ya atsamunda. Koma abale, fumbi la msewu wa ku Katowo mu Okutobala mukulidziwa? Pasanathe masabata atatu pepala lija linatsekeka. Galimoto inayamba kufuka utsi wakuda, pachitunda n'kumabuula ngati ng'ombe yodwala. Akuluakulu aja ankangochotsa pepalalo, kulimenyetsa pamwala, n'kulibwezera. Ine ndinkaonera patali ndikuchapa, mtima ukuwira.

Lamlungu lina inafera panjira. Apongozi anakhala padzuwa mpaka masana, mpingo n'kubalalika osawaona. Atabwera nayo chokoka, ana awo aja anagamula kuti injini yatha, ikangofanso kamodzi igulitsidwe kwa ogula zitsulo. Apongozi anangovula chipewa n'kumachiyang'ana m'kati. Ndinawamvera chisoni kwambiri.

Ndinamukokera pambali mwamuna wanga. Ndinati fyuluta yapepala si yoipa, pa tala imagwira bwino ntchito, koma kuno imafuna kusintha pafupipafupi, ndipo yokwana galimoto imeneyi m'masitolo a ku Bolero sangaipeze. Ya oilo, fumbi limamira mu oilomo. Ukatsuka ndi palafini n'kuthira oilo wina, basi yakhalanso yatsopano.

Anandiseka. "Iwe, za magalimoto zisiye. Ukufuna kumveke kuti mkamwana akuphunzitsa adada?"

Zimene ndinamuyankha sindingazilembe pano.

Mbale ya fyuluta ija ndinakaipeza kuseri kwa khola, nkhuku zikumweramo madzi. Zoona, chuma chonsecho! Chivindikiro chake chokhala ndi timawaya chinali pansi pa nkhokwe, chodzaza ndi mazira a abuluzi. Ndinazitsuka zonse, kuziyanika, n'kuthira oilo mpaka pamzere wake. Kenako ndinakagwada kwa amama n'kuwafotokozera.

Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kupukusa mutu. "Mwana wanga, za zitsulozi ine zindigwa m'kamwa ndisanafike. Tiye ukanene wekha, ine ndikhala pakati."

Ndiye tinakhala atatu pansi pa mtengo wa mango. Apongozi aamuna pampando, akuyang'ana kumunda. Amama pamphasa. Ine ndagwada, nkhope yanga ili kwa amama, ndikuwalongosolera mokweza mmene injini imabanikira ikasowa mpweya. Amama ankangoti, "Enya, enya," kutanthauza kuti inde, ngati kuti anabadwira m'galaja.

"Mufunseni," anatero apongozi aamuna, "oilo wake ndi uti?"

"Womwewo wa mu injini, amama," ndinayankha.

"Nanga ikakana?"

"Ikakana, amama, mundibweze kwathu."

Amama anaphulika kuseka. Apongozi aamuna anapereka kiyi kwa akazi awo. "Muuzeni aike."

Ndinamanga chitenje mwamphamvu, ndinatsegula boneti. Ndinatsuka mapulagi omwe anali atada ndi mwaye, ndinaika fyuluta ija. Mwamuna wanga anaima chapatali, manja ali m'thumba. Nditailiza, injini inatsokomola kawiri, inalavula utsi, kenako inayamba kuyenda bwinobwino. Sindinayang'ane munthu aliyense. Ndinasiya kiyi pamphasa n'kukasamba m'manja.

Lamlungu la sabata imeneyo apongozi anapita okha. Ine tsiku lonse makutu anali kumsewu, ndiwo zinapserera. Dzuwa litapendeka ndinamva kulira kwa galimoto ija cha kumlatho, ndipo ndinakhala pansi pomwe ndinaimapo.

Loweruka lotsatira ndinali kutsuka mbale ija ya fyuluta, matope a fumbi ali tho kunsi kwake. Ndinaona nsapato zakuda zitaima patsogolo panga. Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna amama, koma kunalibe.

"Yewo chomene, mwana wane," anathokoza apongozi aamuna m'Chitumbuka, akulankhula ndi ine ndithu. "Mawa mukhale kutsogolo. Ikatsokomola panjira ndifunsa ndani?"

Misozi inagwera mu palafini. M'mawa mwake ndinakwera, ndipo sanaphonyenso ulaliki ndi umodzi womwe mpaka mwezi umene anatisiya.