Mwala wa Mabuleki Wafika ku Ofesi

"Inu a Muhiwa, ndinu makaniko kapena wothyola tiyi?" Anandikalipira choncho akapitawo dzulo nditadandaula za mabuleki a lole, achemwali athu a Esinati ali chigonere pansi akulira.

Abale, imvani. Lole yonyamula tiyi ija ilibe handibuleki chiyambire mvula. Ikaima pa sikelo, pamtsetse paja, adalaivala amatsika n'kuika mwala kuseri kwa tayala. Dzulo mwalawo unaterereka m'matope, lole n'kubwerera, n'kuponda phazi la achemwali akuyezetsa tiyi wawo. Panopa ali kuchipatala, ndipo sitikudziwa ngati adzayendenso bwino.

Mukudziwa zomwe anena abwana? Akuti lole ilibe mlandu, kampani ilibe mlandu, wolakwa ndi mwala chifukwa "sunagwire bwino". Eti mwala! Ndiye chipukuta misozi palibe, ndipo ine ndikayankhulanso ntchito yanga yatha.

Lero m'mawa ndausenza mwalawo, ndi matope ake omwe, mpaka pa tebulo la abwana. Ndawauza kuti, "Bwana, nayu wantchito wanu wa mabuleki. Yambani mwachotsa ntchito iyeyu, kenako mubwere kwa ine."