Masiku asanu ndikukankha chikuku ku Salzburg

Amayi amene ndinkawasamalira ku Etobicoke, dera lina la mzinda wa Toronto, anali ndi filimu imodzi yokha. Zaka zawo zinali zitapitirira makumi asanu ndi atatu, miyendo itafooka, nzeru zikubwera ndi kupita. Tsiku lililonse tikatha chakudya chamasana ndinkawakhazika pampando wa pafupi ndi zenera, kuwafunditsa bulangete m'miyendo, n'kuyatsa kanema. Filimuyo inali yakale, ya anthu oyimba m'mapiri a ku Ulaya, ndipo inkatenga pafupifupi maola atatu. Zaka ziwiri ndinaimvera ndikutsuka mbale, ndikusita, ndikuika mapiritsi m'timabokosi tawo. Nyimbo zake zinandilowa m'mutu osaziitana. Nthawi zina ndinkangozindikira ndikuziyimba chamumtima m'basi ya ku Kipling, n'kudzikwiyira ndekha.

Mwana wawo wamwamuna ankagwira ntchito m'banki ina pakati pa tauni ndipo ankabwera Lamlungu masana. Anali munthu waulemu, wolankhula motsitsa, koma foni sinkachoka m'manja mwake. Lamlungu lina anandipeza kukhitchini.

"Ndaganiza zowatengera amayi ku Salzburg, ku Austria, kumene anajambulira filimu ija," anatero. "Akaone malowo ndi maso awo nthawi isanathe. Inu mupite nafe. Popanda inu sindingakwanitse."

Ndinafunsa ngati adokotala avomera. Anati avomera. Ndinafunsa ngati mkazi wake apita nawo. Anati ayi, atsala ndi ana. Ataona kuti ndikukayika, anawonjezera: "Tsiku limodzi lidzakhala lanu. Ine ndidzatsala nawo, inu mudzayende kumene mungafune."

Tsiku limodzilo ndi limene linandikola. Chibwerere kuno kuchokera ku Dedza ndinali ndisanapondeko kwina kulikonse kupatula ku Niagara, kumene tinapita ndi amayi a kutchalitchi n'kubwerera tsiku lomwelo. Ndili m'basi popita kunyumba ndinayang'ana mzindawo pafoni. Ndinaona linga loyera lakalekale litakhala pamwamba pa phiri, pansi pake mtsinje ndi madenga a matchalitchi. Ndinkafuna kukakhala pamwamba pamenepo ndekha, ndi kapu ya tiyi, popanda wondiitana.

Mavuto anayambira konkuno ku Toronto. Iwo awiri anali ndi mapasipoti a kuno, yanga inali ya ku Malawi. Bamboyo anadabwa kumva kuti pali anthu amene amayamba apempha chilolezo asanalowe ku Ulaya. Masiku anga atatu opuma anathera pa mzere ku ofesi ya maviza. Ulendo woyamba anati chithunzi changa chili ndi mthunzi kumbuyo. Wachiwiri anapeza kuti kalata ya bamboyo inalibe siginecha, anangoisindikiza n'kundipatsa. Wachitatu analandira mapepala, koma pasipoti inabwera patatsala masiku awiri kuti tinyamuke, ine nditaonda nazo kale nkhawa.

Mnzanga wina wa ku Zambia, namwino pachipatala china ku North York, anandikokera pambali titatuluka m'tchalitchi.

"Asisi, kodi mukupita ku holide kapena ku shifiti?"

"Zonse ziwiri," ndinayankha.

"Tsiku lanulo mwasainirana? Awa amapulomisa bwino, koma muwauze alembe."

Ndinaseka. Ndinamuuza kuti bamboyo si wotero.

Mzindawo ndi wokongoladi, sindinganame. Titatuluka m'galimoto yochokera ku bwalo la ndege ndinaima kaye, mpweya wozizira bwino ukundiwomba kumaso, mapiri atatizungulira ngati kwathu koma ataliatali, nsonga zake zoyera. Ndinayang'ana mwina mphindi imodzi. Kenako ndinatsitsa maso, ndipo masiku otsatirawo ndinawathera ndikuyang'ana pansi.

Misewu ya kumeneko ndi yoyalidwa miyala, ina yozungulira, ina yotumphuka, pakati pake mipata yokwana ndendende tayala lakutsogolo la chikuku chimene amayi ankayendera. Chikuku chikagwa mumpata amayi ankagwedezeka n'kubuula, ine n'kuchipendeketsa chambuyo kuti chituluke. Hotela imene bamboyo anasankha inali m'dera lakale la mzinda, anati kuti tikhale pafupi ndi zonse. Pakhomo pake panali masitepe atatu. Chikepe chinali chopapatiza moti chikuku sichinkalowa osachipinda, ndiye ndinkawaimiritsa amayi, kuwakumbatira m'chiuno, bamboyo n'kukwera masitepe ndi chikukucho. Kubafa kunali bafa lakuya lofunika kudumpha. Ndinkawasambitsa ndi kansalu atakhala pampando.

Tsiku lachiwiri tinakwera basi yoonetsa alendo malo amene anajambulirako filimu. Inali yodzaza ndi anthu ochokera m'mayiko osiyanasiyana, ambiri achikulire, onse achimwemwe. Mtsikana wotionetsa malo anali ndi maikolofoni. Atangoyatsa nyimbo, basi yonse inayamba kuyimba. Amayi anandigwira mkono mwamphamvu.

"Anthuwa ndani? Alowa bwanji m'nyumba mwanga?"

"Tili m'basi, amayi. Tikupita kukaona malo aja."

Pamalo aliwonse ankatipatsa mphindi khumi ndi zisanu. Dalaivala atsegule pansi pa basi, ine nditulutse chikuku, ndichitambasule, tiwatsitse amayi sitepe imodziimodzi, ndiwamange lamba, ndiwakonze chipewa. Pomaliza zonsezo anzathu amakhala akubwerera, akuonetsana zithunzi. Panyanja ina yaing'ono, pamene anthu amaima n'kuona nyumba yaikulu ya mufilimu kutsidya, njira yake inali ya timiyala tosalimba. Matayala anatitimira. Ndinakoka chikuku chafutambuyo mpaka theka la njira, mtsikana uja n'kuyamba kuitana kuti tibwerere. Nyumbayo ndinaiona pafoni ya mayi wina wa ku Korea amene anandimvera chisoni.

Pa kanyumba kagalasi kotchuka ka mufilimu tinafika ndithu. Kanali kokhoma, anthu atakazungulira kudikira mpata wojambulitsa. Bamboyo anagwada pafupi ndi mayi ake, nkhope ikuwala.

"Amayi, taonani. Ndi kamene kaja."

Amayi anakayang'ana nthawi yaitali.

"Si aka," anatero. "Kaja n'kakakulu."

"Ndi komweka, amayi."

"Iwe sukudziwa. Sunaonerepo n'komwe."

Kenako anandinong'oneza kuti akufuna kuchimbudzi. Chimbudzi chinali chakutali, chopanikiza, ndipo tinafika mochedwa. Ndinawasintha thewera ndi zovala nditapanikizika pakati pa chitseko ndi sinki, kunja basi ikuliza hutala. Titakwera, anthu anayang'ana mawotchi awo kenako n'kuyang'ana ine. Palibe anayang'ana bamboyo. Mkulu wina wa chipewa chobiriwira ananena mokweza kuti ena aphunzire kusunga nthawi. Ndinakhala pansi, manja akununkha sopo wa kuchimbudzi.

Kutchalitchi chimene anajambuliramo ukwati wa mufilimu sindinatsike. Amayi anali atagona, mutu uli paphewa langa. Bamboyo anapita ndi gulu, n'kubwera ndi chidutswa cha keke ya maapozi atandikulungira papepala. Ndinathokoza. Ndinalibe dzanja lodyera.

Tsiku lachitatu kunagwa mvula yowaza. Tinapita kumunda wa maluwa kumene kuli masitepe otchuka a mufilimu ndi kasupe womangidwa, pakati pake kavalo wachitsulo. Bamboyo ankajambula chilichonse. Pamalo ena otsetsereka anati, "Mungasunthe pang'ono kuti atuluke okha?" Ndinasuntha, koma kusiya chikuku sindikanatha, chikanatsetsereka. Ndinachigwira ndi dzanja limodzi nditatambasula mkono, thupi lonse lili kunja kwa chithunzi.

Pakasupe paja panachitika chinthu. Bamboyo anali atapatuka kukayankha foni ya kuntchito. Amayi anayang'ana madzi akugwa, n'kuyamba kung'ung'udza nyimbo ina ya mufilimu, chala chikugunda pa bulangete motsatira. Anatembenuka n'kundimwetulira ngati munthu wodziwa bwinobwino kumene ali. Ndinagwada, ndinawagwira dzanja. Sizinathe mphindi ziwiri.

Bamboyo atabwera ndinamuuza. Ndinalakwitsa kumuuza. Anayatsa vidiyo n'kuwapempha kuti abwereze. Anakana. Anawanyengerera, anakanabe.

"Tayambitsani inuyo," anandiuza. "Akamva inu atsatira."

Ndinaima pakati pa alendo, mvula ikundilowa m'khosi, mayi wa zaka makumi anayi ndi zisanu, ndikuyimba nyimbo imene ndinatopa nayo kalekale. Anthu ena anaima n'kuyamba kundijambula. Amayi anangondiyang'ana ngati ndapenga, kenako anati akuzizidwa.

Tsiku lachinayi linali langa lija. Ndinavala diresi imene ndinagulira ulendowu ndi nsapato zatsopano. Bamboyo anagogoda atanyamula laputopu.

"Pepani kwambiri," anatero. "Kuntchito andiikira msonkhano. Ku Toronto kukamacha, kuno ikhala itakwana 3 koloko. Mukabwerako cha m'ma 2 zikhala bwino."

Tsiku linasanduka theka. Ndipo sindikanachoka ndisanawasambitse, kuwadyetsa ndi kumulongosolera bamboyo za mapiritsi a masana, amene ndinachita kumulembera papepala. Ndinatuluka 11 koloko itadutsa. Pokwerera kasitima kopita kulinga panali mzere wokhota mpaka kuseri kwa nyumba. Ndinaima pamenepo ndikuyang'ana nthawi.

Koma ndinafika. Pamwamba paja mphepo inali yamphamvu, mzinda wonse uli pansi ngati woseweretsa ana, mtsinje ukuugawa pakati. Mbali ya kumapiri kunali mitambo, nsonga zikuoneka n'kubisikanso. Ndinayenda m'mbali mwa khoma manja ali lende, opanda chogwira, moti ndinasowa powaika. Ndinapeza tebulo panja n'kuitanitsa tiyi.

Foni inalira tiyi asanabwere.

"Akukana mapiritsi," anatero bamboyo. "Alavula. Akulira, akuti ndine wakuba. Ndipo ndikuganiza kuti adzionongera."

"Ndangofika kumene, bambo."

Kumbuyo kwake ndinkamva mawu a amayi akundiitana, mawu aja okwera amene amatuluka akachita mantha.

"Matewera ali m'chikwama chabuluu," ndinatero. "Muwalankhule pang'onopang'ono. Ndibwera pakatha ola."

Ndinadula. Tiyi anabwera mu kaketulo kokongola, ndi kabisiketi pambali. Ndinathira, ndinamwa kamodzi, osamva kukoma kulikonse. Ndinkangoona amayi atakhala m'zonyowa, khungu lawo lopyapyala lija limene silichedwa kuchita zilonda. Foni inaliranso. Sindinayankhe, koma ndinaimirira. Potsika m'kasitima ndinkalira ndi mkwiyo, ndipo wambiri unali wodzikwiyira ndekha, chifukwa palibe anandikoka. Ndinatsika ndi miyendo yanga.

Ndinamupeza bamboyo ataima m'khonde, thaulo lili m'manja, malaya atanyowa. Ndinamudutsa n'kulowa m'chipinda. Amayi atandiona anasiya kulira nthawi yomweyo n'kundifunsa kumene ndinali. Ndinavula nsapato zatsopano zija, ndinapinda manja a diresi, ndinagwira ntchito yanga. Nditamaliza ndinatuluka m'khonde muja n'kutseka chitseko.

"Bambo, munandilonjeza tsiku."

"Ndikudziwa. Pepani. Sindinkadziwa kuti zimakhala chonchi."

"Zimakhala chonchi tsiku lililonse. Inu mumabwera Lamlungu nditawasambitsa kale."

Aka kanali koyamba kumulankhula motero. Ndinkayembekezera kuti akwiya. Anangoyang'ana thaulo lija. Msonkhano wake analowabe 3 koloko itakwana, kuchipinda kwake, ndipo ndinkamumva kudzera pakhoma akuseka ndi anzake a kuntchito.

Chakumadzulo anabwera ndi laputopu n'kuwaikira amayi filimu yawo. Amayi anakhazikika, mapewa anatsika. Poyambirira pake amaonetsa mzindawo kuchokera m'mwamba, linga, mtsinje, matchalitchi, zomwezo zimene zinali kunja kwa zenera lathu. Amayi analoza ndi chala.

"Malo okongola awo," anatero. "Ndikanakonda kupitako ndisanafe."

Bamboyo anatembenuka n'kulowa kubafa. Anakhalitsako. Ine ndinapitiriza kulongedza zikwama, chifukwa m'mawa mwake tinkanyamuka ndipo panalibe wina wolongedza.

Titabwerera ku Toronto, Lamlungu lotsatira anafika m'mawa n'kundipempha kuti ndimuphunzitse kuwanyamula amayi kuchoka pabedi kupita pampando. Anachita masabata atatu, movutikira, akutuluka thukuta. Kenako ntchito inamuchulukira ndipo anabwerera ku nthawi yake ya masana. Anandiuza kuti nditenge tsiku lina lopuma m'malo mwa lija, koma kukampani imene inandilemba ntchito anati alibe munthu wondilowa m'malo mwezi umenewo, ndipo mwezi wotsatira nkhaniyo inangozilala. Chisanu chitayamba, banja linawasamutsira amayi kunyumba yosungira okalamba. Ine kampani ija inanditumiza kwa bambo wina wodwala sitiroko ku Scarborough, mabasi awiri ndi sitima yapansi.

Dzanja langa lamanja linali litatupa pamfundo chibwerere ku ulendo, ndipo silinkaphwa. Nditapita kukiliniki, dokotala analipindapinda n'kufunsa chimene ndinachita nalo. Ndinamuuza kuti ndinakankha chikuku pamiyala masiku asanu ku Austria. Anati iye ndi mkazi wake akhala akufuna kupita kumeneko, ndipo anandifunsa ngati ndi bwino kupita m'chilimwe. Ndinati sindikudziwa. Anandilembera mankhwala opaka ndi bandeji, n'kundiuza kuti dzanjalo ndilipumitse masabata awiri. Ndinavala bandejiyo pamalo odikirira basi, n'kupita kwa bambo wa ku Scarborough uja, amene ankadikira kusambitsidwa.