Zilembo Ziwiri Zimene Ndinakonza

Anthu pa Boma amati kompyuta ndiyo inalanda munda wa mayi wamasiye uja wa kwa Kanduku. Ena amati ndi chiswe. Onsewo akulakwa, ndipo ine amene ndinasunga kaundulayo sindingalole kuti nkhaniyi ipotozedwe ndikadali moyo.

Ofesi yathu inkasunga mayina a anthu olima pa sikimu ina ya m'mbali mwa dambo. Mlimi aliyense anali ndi khadi lake, lolembedwa dzina, mudzi, chaka chobadwa ndi nambala ya munda. Sukulu ya sekondale sindinapite kukasewera. Dzina lolembedwa molakwika linkandilasa m'maso.

Patapita zaka zingapo chiyambireni ndale za zipani zambiri, anatibweretsera kompyuta, pamodzi ndi mayi wina wochokera kumpoto woti atiphunzitse. Makadi onse atalowetsedwa, anandionetsa kuti ukalemba dzina, makinawo amatulutsa zonse za munthuyo usanaphethire. Anatinso angathe kusintha mayina onse ndi lamulo limodzi. Pamenepo ndinaona mwayi wanga.

Kuno kumalire mabanja ena analembetsa mayina awo Chipwitikizi: pamene ife timalemba "ny", iwo amalemba "nh". Zimenezi zinali zitandinyansa kwa zaka zambiri.

"Mayi," ndinatero, "paliponse pamene pali nh, paikidwe ny."

"Bambo, bwanji tiwasiye mmene eni ake analembetsera?"

"Mwafika liti kuno kuti mundiphunzitse Chichewa?"

Anaseka. "Pepani, aphunzitsi."

Anadina, ndipo zinatheka tiyi wanga asanazizire. Kenaka makinawo anaonetsa mayina amene tsopano ankafanana, n'kufunsa ngati awaphatikize. Mayiyo anandiyang'ana. Ndinayankha kuti munthu mmodzi salembedwa kawiri.

Pakati pa mayinawo panali amayi awiri apachibale, a mudzi umodzi, otchedwa dzina la azakhali awo, ndipo onse awiri anawalembera chaka chobadwa chimodzi chongoyerekeza. Kupatula nambala ya munda, chinkawasiyanitsa m'kaundula ndi zilembo ziwirizo basi. Wa "ny" anali atamwalira. Wa "nh" anali moyo, akulera ana anayi. Makinawo anasunga womwalirayo ndi munda wake. Munda wa wamoyoyo unaoneka wopanda mwini, ndipo komiti ya sikimu inaupereka kwa banja lina.

Mvula yoyamba itagwa, wamasiyeyo anafika pa ofesi wapansi, matope mpaka m'mawondo.

"Achimwene, akuti ine ndinafa. Nanga maliro anga munabwerako?"

Ndinamuuza monyada kuti adikire kamphindi. Ndinalemba dzina lake ndi nh: palibe. Ndinalemba ndi ny: munthu mmodzi, womwalira. Ndinathamangira ku chipinda chosungira katundu kumene tinaunjika makadi akale, koma denga linkadontha, ndipo chiswe chinali chitamanga m'makatoni. Choncho amene amanena za chiswe amve bwino: chiswe chinadya umboni, koma munthuyo ndinali nditamufufuta kale ine.

Ndinalembera akuluakulu makalata atatu, ndikuvomera kulakwa kwanga m'Chingerezi chosalala. Komiti inayankha kuti ikuona kuti mayiyo ali moyo, koma kaundula sakumudziwa, ndipo banja latsopanolo linali ndi pepala komanso chimanga chofika m'chiuno. Ndinapuma pa ntchito nkhaniyo ili pomwepo.

Lero mayiyo amachita ganyu, ndipo m'chilimwe amasenza makala kudzagulitsa pa Boma. Ana ake awiri analeka sukulu n'kupita kwa abale awo ku Mozambiki. Tikakumana pa msika sandikalipira. Amagwada pang'ono, n'kunena kuti, "Mwaswera bwanji, bambo ondikonza?"

Ndimagula makala ake ngakhale kunyumba alipo. Tsiku lina ndinamupempha kuti andilembere dzina lake pa pepala, kuti ndiyesenso kalata ina. Anapukusa mutu.

"Lembani nokha. Si inu odziwa kulemba?"

Pepalalo ndikadali nalo m'thumba la jekete. Palibe chimene ndinalembapo.